Mafunso ndi Mayankho: Ulendo wa pa njinga yamoto wopita ku Nkhotakota m'nyengo yozizira

FUNSO

Akonzi, ndimakhala ku Lilongwe ndipo chaka chatha ndinagula njinga yamoto yaing'ono, ya mphamvu ya 125cc, imene ndimayendera popita kuntchito komanso kutchalitchi. M'mwezi wa Julaye ndikhala pa tchuthi, ndipo ndikulakalaka kupita ku Nkhotakota pamodzi ndi mayi akunyumba kwathu kuti tikaone tauniyo ndi midzi yoizungulira, popeza tonse awiri sitinafikeko. Anzanga akundisokoneza maganizo. Ena akuti kunyanja sikuzizira, choncho ndisadzivutitse ndi zovala zambiri. Ena akuti mwezi umenewu ndi woipa chifukwa cha mphepo ya mwera. Enanso akuti ku Nkhotakota kulibe choona, kuli bwino ndingothera ku Senga Bay n'kubwerera tsiku lomwelo. Chonde ndithandizeni: kodi ulendowu ndi wotheka pa njinga ngati yangayi, ndikonzekere motani, nanga ndikafika ndikaone chiyani?

Wowerenga wa ku Lilongwe

YANKHO

Bambo, ulendo wanuwo ndi wotheka ndithu, ndipo mwasankha nyengo yabwino, pakuti m'miyezi ya Juni ndi Julaye mvula imakhala italeka, mitsinje imene imadula misewu m'dzinja imakhala itaphwera, ndiponso kutentha kumene kumavutitsa alendo m'mbali mwa nyanja mu Okutobala ndi Novembala kumakhala kusanayambe. Chimene ndikukuletsani ndi maganizo opita n'kubwerera tsiku limodzi. Kuchokera ku Lilongwe kukafika pa boma la Nkhotakota podzera ku Salima ndi mtunda woposa pang'ono makilomita 200, ndipo pa njinga ya 125cc yonyamula anthu awiri ndi chikwama, mtunda umenewu ndi ntchito ya tsiku lathunthu mukawerengera nthawi yopuma. Patulani tsiku limodzi lopita, masiku awiri okhala kumeneko, ndi tsiku lina lobwerera. Nkhotakota si malo amene munthu angawadziwe akudutsa pa liwiro, chifukwa zambiri zimene zimachititsa tauniyi kukhala yofunika zili chapatali ndi msewu waukulu, pansi pa mitengo ndi kugombe, kumene munthu amafika bwino akuyenda pansi.

Anzanu amene akuti kunyanja sikuzizira akunena zoona, koma akuiwala kumene ulendowo ukuyambira. Lilongwe ali pamtunda, pamwamba poposa mamita 1,000, pamene Nyanja ya Malawi ili pa mamita osakwana 500, ndipo kusiyana kumeneku mudzakumva m'thupi. Mukanyamuka mbandakucha m'mwezi wa Julaye, mphepo ya pa njinga imalowa m'manja ndi pachifuwa kuposa mmene munthu woyenda pansi angaganizire, ndipo zala zikauma ndi chisanu zimachedwa kugwira buleki ndi kilachi, chimene ndi chiyambi cha ngozi zambiri. Choncho musanyamuke kusanache. Dikirani dzuwa lituluke, nkhungu ya m'madambo ibalalike, kenaka muyambepo. Valani zovala zingapo zopyapyala m'kati ndi jekete yosalowa mphepo pamwamba, m'malo mwa chijasi chimodzi chokhuthala, kuti mukatsika mapiri a ku Mvera n'kuyamba kumva kufunda kwa chigwa cha Salima muzitha kuvula chimodzichimodzi. Magolovesi, nsapato zotseka mpaka m'kakolo ndi thalauza lolimba ndi zofunika kwa nonse awiri. Mayi ngati akonda kuvala chitenje, achimange pamwamba pa thalauza ndipo achipinde bwino kuti nsonga yake isalendewere pafupi ndi tcheni kapena masipoko, pakuti nsalu ikakodwa m'gudumu lakumbuyo imagwetsa onse okwera nthawi yomweyo.

Njira ndi yosavuta kuitsata. Mutenga msewu wa M14 wopita ku Salima, wodzera pa Chezi ndi pa Mvera, pomwe pali zitunda ndi makona ofuna kudekha, makamaka potsika muli awiri, chifukwa kulemera kumatalikitsa mtunda umene njinga imafuna kuti iime. Potsika gwiritsani ntchito magiya aang'ono kuti injini izithandiza mabuleki. Musanalowe m'tauni ya Salima mufika pa Kaphatenga, pamene msewu wa M5 umapatukira kumpoto. Ndikukulangizani kuti muyambe mwalowa m'tauni ya Salima, mudzaze thanki pa malo omwetsera mafuta, mudye, kenaka mubwerere pa Kaphatenga n'kulowera kumpoto kudzera pa Khombedza, pa Benga ndi pa Chia mpaka pa boma la Nkhotakota. M'zaka zapitazi mafuta akhala akusowa nthawi ndi nthawi m'dziko muno, choncho paliponse pamene mwapeza petulo pa pampu dzazani, ngakhale thanki ili pakati. Mafuta a m'zigubu ogulitsidwa m'mbali mwa msewu muwapewe mmene mungathere, popeza simungadziwe chimene asakanizamo, ndipo injini yaing'ono ngati yanuyo sichedwa kutsamwa.

Tsopano za mwera, zimene ndikufuna muzimvetse bwino chifukwa ndi pamene pagona vuto lenileni la nyengo imeneyi. Mwera ndi mphepo yochokera kum'mwera chakum'mawa, imene imaomba kwambiri kuyambira mu Meyi mpaka mu Ogasiti, ndipo nthambi yoona zanyengo imachenjeza asodzi kawirikawiri pa wailesi ikayamba kukula mphamvu. Msewu wa M5 umalunjika kumpoto, nyanja ili kudzanja lanu lamanja. Popita, mphepoyi idzakhala ikukukankhani kuchokera kumbuyo ndi kudzanja lamanja, zimene zikutanthauza kuti idzakusunthirani kumanzere, kumphepete kwa msewu, kumene phula limakhala lodyeka ndipo pali kaphompho kakang'ono pakati pa phula ndi dothi. Gudumu likagwera pa kaphompho kameneka n'kuyesa kubwerera mwadzidzidzi, njinga imagwa. Pobwerera zinthu zimatembenuka: mphepo imakuombani kumaso ndi kudzanja lamanzere, n'kumakukankhirani pakati pa msewu kumene kukubwera magalimoto, ndiponso njinga imamwa mafuta ambiri kuposa popita. Mphepoyi imapweteka kwambiri pa malo oyera, monga pa milatho ndi m'madambo momwe mulibe mitengo, komanso pamene galimoto yaikulu yangokudutsani, chifukwa imayamba yakutchingani kenaka n'kukusiyirani mphepo yonse nthawi imodzi. Mankhwala ake ndi kuchepetsa liwiro, kugwira chiwongolero mosaumitsa mikono, kufinya thanki ndi mawondo, ndi kumangirira katundu pansi komanso pakati, osati kumuunjika m'mwamba. Mayi akhale moyandikana nanu, ndipo muwauze musananyamuke kuti njinga ikapendekera azipendekera nanu limodzi, asamalimbane nayo.

Pali zinthu zinanso ziwiri za nyengoyi. Choyamba, dzuwa limalowa msanga, ndipo pofika 6 koloko madzulo kumakhala kutada. Msewu wa M5 uli ndi malo ena okumbika ndi milatho ina yopapatiza, muli njinga zakapalasa zopanda nyale, mbuzi, ana ochokera kumsika, komanso magalimoto akuluakulu a katundu, kuphatikizapo ochokera ku Dwangwa kumene fakitale ya shuga imakhala ili pa ntchito m'miyezi imeneyi. Konzani ulendo wanu kuti pofika 4 koloko mukhale mutafika kumene mukagone. Chachiwiri, imeneyi ndi nthawi imene anthu amatentha tchire posaka mbewa ndi pokonza minda, ndipo utsi umatha kuphimba msewu moti simungaone chimene chili patsogolo. Mukaona utsi wotero imani pambali patali ndithu, nyale ili chiyakire, mudikire upite.

Njingayo ipititseni kwa makaniko sabata imodzi ulendo usanafike, osati dzulo lake, kuti mukhale ndi nthawi yoiyendetsa n'kuona ngati zonse zili bwino. Asinthe oyilo, aone mabuleki onse awiri, matayala, nyale, hutala ndi kulimba kwa tcheni. Nyamulani pulagi yapadera, chubu, zigamba, pampu yamanja, masipanala ndi kabotolo ka oyilo wothira pa tcheni, chifukwa fumbi ndi mchenga wa kunyanja zimaumitsa tcheni msanga. Ubwino wake ndi wakuti chifukwa cha kuchuluka kwa akabaza a njinga zamoto, pafupifupi pa malo onse a malonda mudzapeza wokonza njinga. Laisensi yanu yoyendetsera njinga yamoto, mapepala a umwini ndi inshulansi zikhale m'thumba la pulasitiki pamalo osavuta kutulutsa, pakuti apolisi apamsewu mudzakumana nawo kangapo. Helemeti ndi ya aliyense, wokwera kumbuyo yemwe, ndipo ikhale yomangidwa lamba pansi pa chibwano.

Amene akunena kuti ku Nkhotakota kulibe choona ndikutsutsana nawo kotheratu. Senga Bay ndi malo okongola opumulirako, koma Nkhotakota ndi amodzi mwa malo amene mbiri ya dziko lino inachitikira, yowawa ndi yokoma yomwe. Cha m'ma 1840 Mswahili wina dzina lake Salim bin Abdullah, amene anali woyamba kutchedwa Jumbe, dzina laudindo limene olowa m'malo mwake anapitiriza nalo, anakhazikika pano n'kusandutsa malowa kukhala likulu la malonda a minyanga ya njovu ndi akapolo. Anthu ogwidwa m'midzi ya kumtunda ankasonkhanitsidwa kuno, n'kuolotsedwa nyanja pa zombo zamatanga, kenaka n'kuyendetsedwa pansi ulendo wautali wopita ku Kilwa, kugombe la nyanja yamchere. Mu 1863 David Livingstone anafika n'kukumana ndi Jumbe pansi pa mtengo wa mkuyu, kumupempha kuti aleke malondawo, koma pempho lakelo silinamveke pa nthawiyo. Mu 1889 Harry Johnston, nthumwi ya boma la Britain, anachita pangano ndi Jumbe amene ankalamulira nthawi imeneyo, ndipo mphamvu za a Jumbe zinatha m'zaka za m'ma 1890 ulamuliro wa Britain utakhazikika. Mtengo umene umakumbutsa za kukumana kwa Livingstone ndi Jumbe uli kufupi ndi mishoni ya Anglican ndi chipatala cha St Anne's.

Mukafika pamenepo musangojambula chithunzi n'kuchoka. Siyani njinga pa malo amene mwagona, muyende pansi kuchokera pa msewu waukulu kutsikira kunyanja, ndipo mukaima pansi pa mtengowo muyang'ane mtunda waufupi umene ulipo kukafika kugombe, pakuti anthu ambiri a mtundu wathu anayenda mtunda umenewo komaliza pa nthaka yakwawo. Ndimaona kuti Mmalawi aliyense amene angathe ayenera kufikapo kamodzi, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti alendo ochokera kunja ndi amene amafunsa kwambiri za malowa kuposa ife eni ake.

Pafupi pomwepo pali tchalitchi cha All Saints. Amishoni a Anglican a bungwe la Universities' Mission to Central Africa (UMCA) anatsegula mishoni ya kuno mu 1894, ndipo m'tchalitchimu ndi mmene munaikidwa Bishopu Chauncy Maples, amene anamira pa nyanjayi mu 1895 bwato limene anakwera litagubuduzika ndi namondwe, atangodzozedwa kumene kukhala bishopu wa Likoma. Sitima yodziwika ija ya Chauncy Maples inatchedwa dzina lake. Pemphani chilolezo kwa oyang'anira tchalitchi musanalowe. M'tauni momwemo mulinso mtengo wina umene anthu amaukumbukira chifukwa cha msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress wa mu 1960, umene Dr Hastings Kamuzu Banda anayankhulapo dziko lino lisanalandire ufulu wodzilamulira. Funsani akuluakulu a pamalopo akulozereni, ndipo mudzapeza kuti ambiri amakondwa kufotokoza zimene anamva kwa makolo awo.

Mbiri ya a Jumbe ndi imenenso inabweretsa Chisilamu kuno, ndipo mpaka lero Asilamu ndi ambiri m'tauniyi ndi m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, akukhala limodzi ndi Akhristu. Zimenezi zikukhudza ulendo wanu m'njira zing'onozing'ono zimene zili zofunika: Lachisanu masana masitolo ena amatsekedwa eni ake akapita kumzikiti, kavalidwe kaulemu kamayamikiridwa, ndipo si bwino kujambula munthu, mzikiti kapena manda musanapemphe.

Tsiku lachiwiri ndi limene njinga idzakuthandizeni. Dzukani m'mawa mupite kugombe pamene asodzi akufika ndi mabwato, muone usipa ndi utaka zikuyanikidwa pa mathandala, ndipo ngati mwera wavuta usikuwo mudzaona nsomba zitachepa ndi mtengo utakwera, chifukwa ambiri amakhala sanalowe pamadzi. Kenaka pitani ku akasupe a madzi otentha a Mawira, amene ali kufupi ndi tauni, komwe madzi amatuluka pansi ali otentha ndipo m'mawa wozizira nthunzi imaoneka bwino. Yambani mwayesa madziwo ndi chala musanaviikemo phazi, ndipo lemekezani malo amene amayi ndi abambo amasambira padera. Mukatero bwererani chakum'mwera pa M5 mpaka pa dziwe lalikulu la Chia, pamene msewu umaoloka kamtsinje kolumikiza dziwelo ndi nyanja. Pa mlathopo pamagulitsidwa nsomba, ndipo m'mabango muli mbalame zamitundumitundu. Musasambe kapena kuyenda m'madzi a m'mabango, chifukwa muli ng'ona ndi mvuu, komanso m'madzi odekha otero ndi mmene mumakhala nkhono zofalitsa likodzo. Chakum'mwera kwa tauni, m'mbali mwa nyanja, kulinso malo oumba mbiya ndi mbale a Nkhotakota Pottery, amene mayi angakonde kuwaona, ngakhale kuti chimene mungagule chiyenera kukhala chaching'ono ndi chokulungidwa bwino m'zovala.

Misewu yopatuka pa M5 kulowera kunyanja kapena m'midzi yambiri ndi yafumbi, ndipo kufupi ndi nyanja imakhala ya mchenga wambiri. Apa ndi pamene okwera njinga a m'tauni amagwa kawirikawiri. Mukaona mchenga patsogolo, chepetsani liwiro musanaulowe, ikani giya yachiwiri, pitirizani kupatsa moto mofanana, maso ali patali kumene mukupita, ndipo musagwire buleki yakutsogolo mwamphamvu chifukwa gudumu limazama n'kupinda. Mchenga ukachuluka, mayi atsike ayende pansi kagawo kameneko. Palibe chamanyazi pamenepo. Musanalowe njira imene simukuidziwa funsani akabaza a pa siteji, amene amadziwa kumene mlatho unakokoloka ndi kumene njira imathera m'dambo la mpunga, pajatu akuluakulu anati safunsa anadya phula. Mukalowa m'mudzi yendani pang'onopang'ono kuti musathire anthu fumbi pa ufa kapena chinangwa chimene ayanika, zimitsani injini mukafuna kufunsa njira, vulani helemeti, mupereke moni kaye. Ngati mukufuna kukhalitsa kapena kujambula, pemphani kuti akuperekezeni kwa amfumu.

Pa chakudya, musachoke ku Nkhotakota musanalawe kondowole, nsima ya ufa wa chinangwa imene ndi chakudya cha tsiku ndi tsiku cha anthu ambiri kuno, ndi nsomba yaiwisi yophikidwa tsiku lomwelo. Mwezi wa Julaye mpunga watsopano umakhala utakololedwa, ndipo ndi wonunkhira bwino, koma kumbukirani kuti njinga yanu yanyamula kale anthu awiri, choncho makilogalamu ochepa akukwanirani. Udzudzu umachepa m'nyengo yozizira koma sutheratu m'mbali mwa nyanja, kotero sankhani malo ogona amene ali ndi neti yosabooka ndiponso mpanda kapena mlonda woyang'anira njinga usiku.

FUNSO

Akonzi, ine ndili ku Kasungu ndipo ndamva kuti msewu wochokera kuno kupita ku Nkhotakota umadutsa m'nkhalango momwe muli njovu. Ndikufuna kudzera kumeneko pa njinga yamoto mwezi wa Juni kuti ndikaone nyamazo ndili pa ulendo wokaona achibale. Kodi ndi nzeru?

Wowerenga wa ku Kasungu

YANKHO

Achimwene, msewu umene mukunenawo ndi wa M18, ndipo ndi zoona kuti umadutsa m'nkhalango yosungirako nyama ya Nkhotakota, imene kukula kwake ndi pafupifupi masikweya kilomita 1,800. Kuyambira mu 2015 nkhalangoyi ikuyang'aniridwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za malo osungirako nyama zakutchire, ndipo m'zaka za 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwira kumeneku kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete, pambuyo poti opha nyama mozembera lamulo anali atatsala pang'ono kumaliza zimene zinalipo kale. Choncho njovu zilimo zambiri, ndipo chifukwa chomwecho sindikuvomereza kuti njinga yamoto ikhale chida choonera nyama. Munthu wa pa njinga alibe chomutchinga, phokoso la injini limakwiyitsa njovu, makamaka yaikazi imene ili ndi mwana, ndipo kutembenuza njinga pa msewu wopapatiza wa pa chitunda nyama ili pafupi si chinthu chimene mungachite mwamsanga.

Musananyamuke lankhulani ndi oyang'anira nkhalango kuti akuuzeni malamulo a pa chipata ndi nthawi imene amaloleza kudutsa, ndipo muchite zimene akuuzanizo. Akakulolani, dutsani dzuwa lili pamutu, mafuta ali odzaza, osaima m'njira, ndipo ngati n'kotheka tsatanani ndi galimoto ina. Mukaona njovu pa msewu imani patali, musaimbe hutala, mudikire zichoke zokha. M'nkhalangoyi mulinso ntchentche za kashembe, zimene zimafalitsa matenda a kaodzera ndipo zimakopeka ndi zinthu zoyenda komanso zovala zakuda ndi zabuluu, choncho valani zotuwa zophimba mikono ndi khosi. Mukadzamva kutentha thupi ndi mutu patapita masiku mutalumidwa, pitani kuchipatala msanga ndipo muwauze adokotala kumene munadutsa.

Ngati cholinga chanu ndi kuona nyama, fikani kaye kwa achibale anuwo, musiye njinga, kenaka mukonze zolowa m'nkhalango pa galimoto kapena kuyenda pansi motsogozedwa ndi alonda ophunzitsidwa ntchitoyo. Iwo angakufikitseni kumtsinje wa Bua, umene nsomba za mpasa zimakwera kuchokera kunyanja kukaswana, ndipo mu Juni madzi amakhala atayamba kuyera moti nyama zobwera kudzamwa zimaoneka bwino kuchokera pamtunda.